Onyamula denga a m'mutu mwathu

Kwa Nthache ku Mwanza, mvula ikatha, chimanga chitauma m'munda ndipo manachesi atayamba kupsa m'mitengo, pali ntchito ina imene munthu sangaigwire yekha ngakhale akhale wadzitho chotani. Nkhokwe ikalukidwa n'kuimikidwa pamalo pake, denga lake salimangira pamwamba. Amalimangira pansi, pabwalo. Mapaso amakumana pansonga, nsungwi zong'amba zimazungulira, luzi limagwira polumikiza paliponse. Likatha, mwini wake amayenda khomo ndi khomo kukamema anthu. Masiku ano ambiri akusunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba ndi anankafumbwe, moti ana ena akukula osaonako denga likuyenda. Koma amene anaonako sangaiwale. Amuna asanu ndi atatu kapena khumi amalowa pansi pake, wina amati "tiyeni!", ndipo chinthu chija chimadzuka n'kuyamba kuyenda, miyendo yokha ikuoneka.

Mukadzapeza mwayi woterewu, musadzayang'ane dengalo. Mudzasankhe munthu mmodzi mwa onyamulawo, maso anu akhale pa iye yekha. Mudzaona kuti sakulunjika kunkhokwe kwenikweni. Amene ali kumanzere akukankhira pang'ono kumanja. Wamfupi uja akungofikira ndi nsonga za zala, nthawi zina kusiya kumene. Wakumbuyo, popeza mabwalo ambiri kuno ndi otsetsereka, sakukankha n'komwe, akukokera m'mbuyo kuti katundu asawathawe. Wina wapunthwa pachitsa, wadzandira, wabwereramo. Atakufunsani kuti poona munthu mmodziyu denga likupita kuti, mukhoza kuloza kukhola la mbuzi. Koma denga lenilenilo likuyenda mowongoka, chifukwa limamvera mphamvu za onse zitaphatikizana. Komwe likulowera sikuli m'manja mwa aliyense wa iwo, kuli pakati pawo.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ankanena za anthu. Zimene ofufuza za ubongo apeza m'zaka 40 zapitazi n'zakuti ngakhale m'kati mwa mutu umodziwo ntchito imagwirika motero. Kukweza dzanja kuti uthyole nachesi, kuzindikira mawu a mayi ako pakati pa phokoso la pamsika wa ku Mwanza boda, kukumbukira njira yakudimba, palibe chimodzi mwa izi chimene chili m'selo limodzi la ubongo. Chilichonse chimanyamulidwa ndi gulu. Ndipo kuphunzira, chimene timatumizira ana kusukulu, ndiko kuzolowerana kwa gululo.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo muli maselo otumiza uthenga, amene asayansi amati manyuroni, okwana mabiliyoni 86. Chiwerengero chimenechi chinatuluka mu 2009 pa kafukufuku wa Suzana Herculano-Houzel wa ku Brazil ndi anzake. Pa kulemera kwa thupi lonse ubongo ndi 2 peresenti yokha, koma munthu akakhala phee umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake zonse. Phala la kusukulu lija si nkhani ya m'mimba mokha. Selo lililonse lili ndi nthambi zambiri zolandirira uthenga ndi chingwe chimodzi chachitali chotumizira. Kale akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zonsezi ndi ukonde umodzi wosaduka. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene anatha zaka akujambula pamanja zimene ankaona pa maikulosikopu, anaumirira kuti selo lililonse ndi lapalokha, limangoyandikana ndi linzake kusiya kampata kakang'ono zedi. Analandira mphotho ya Nobel mu 1906 pamodzi ndi Camillo Golgi wa ku Italy, amene ankatsutsana naye pa mfundo yomweyi. Kampatako kamatchedwa sinapusi, ndipo selo limodzi likhoza kukhala ndi timipata totere masauzande ambiri.

Selo lili ndi liwu limodzi lokha. Ndi kamphamvu ka magetsi kamene kamathetheka kwa kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'ma 1920, Edgar Adrian wa ku Cambridge anaonetsa kuti kuthetheka kumeneku sikukula kapena kuchepa, chimasintha ndi kuchuluka kwake. Ukakhudzidwa pang'ono, selo limathetheka mwa apo ndi apo. Ukatsinidwa, limathetheka motsatizana. Ofufuza amalumikiza waya wawo ku sipika n'kumamvetsera ndi makutu: tha, tha, thathathatha. Ndiye kuti wonyamula aliyense angathe chinthu chimodzi, kukankha kwambiri kapena kukankha pang'ono. Sangafotokoze kanthu.

Kwa zaka zambiri zida zinkalola kumvetsera selo limodzi pa nthawi, ndipo ngakhale motero panatuluka zodabwitsa. Mu 1959 David Hubel ndi Torsten Wiesel anapeza kuti m'gawo la ubongo wa mphaka limene limaona muli maselo amene amathetheka pokhapokha diso likaona mzere wopendekera mbali inayake. Ukaupendeketsa kwina, selolo limangoti zii, linzake n'kuyamba. Mu 1971 John O'Keefe ku London anapeza maselo, m'kachigawo kotchedwa hippocampus, amene amathetheka khoswe akafika pamalo amodzi okha m'bokosi lake. Apa ena anayamba kuganiza kuti chinthu chilichonse chili ndi selo lakelake, la agogo, la njinga, la nsima. Koma panali chovuta. Selo limodzi n'losadalirika. Ukaonetsa mphaka mzere womwewo kakhumi, selolo limathetheka mosiyana ulendo uliwonse, ulendo wina kambiri, wina kochepa. Komanso maselo amafa. Chikhala kuti nkhope ya agogo ili m'selo limodzi, bwenzi ena mwa ife tikudzuka m'mawa wina osawazindikira.

Amene anaonetsa poyera kuti nkhani ili pa gulu ndi Apostolos Georgopoulos, Mgiriki amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America. Iye ndi anzake anaphunzitsa anyani kutambasula dzanja kulowera mbali 8 zosiyana, malinga ndi pomwe kagetsi kayaka, iwo uku akumvetsera maselo a m'gawo la ubongo loyendetsa ziwalo. Anapeza kuti selo lililonse lili ndi mbali imene limaikonda. Tinene kuti lina limakonda kumanja. Dzanja likapita kumanja limathetheka kwambiri, likapita chakumanja koma mokwera limathethekabe ndithu, likapita kumanzere limachepetsa. Choncho ukamva selo ili likuthetheka mwapakatikati, sungadziwe ngati dzanja lakwera kapena latsika. Mu 1986 anafalitsa zimene zinachitika ataphatikiza maselo oposa 200. Selo lililonse analitenga ngati munthu amene akukankhira kumbali yake yapamtima, ndi mphamvu yolingana ndi kuthetheka kwake. Atawonkhetsa kukankha konseko, muvi umene unatuluka unaloza komwe dzanja la nyani linapitadi. Ndipo popeza maselowa amayamba ntchito dzanja lisanasunthe, muviwo unkaneneratu zimene nyani akufuna kuchita.

Ili ndi denga lija. Ndipo mukaliganizira mudzaona ubwino wa kunyamula motere. Kulakwitsa kwa uyu kumafafanizidwa ndi kulakwitsa kwa uyo, chifukwa sapunthwa onse nthawi imodzi. Mmodzi akachokapo katundu sagwa. Komanso sipafunika munthu wapadera wa njira iliyonse. Anthu khumi omwewo akhoza kulipititsa kummawa, kumadzulo, kapena pakatikati, pongosintha amene akukankha kwambiri.

Nzeru imeneyi sinathere pa anyani. Mu 2012 ofufuza a ntchito yotchedwa BrainGate, motsogozedwa ndi Leigh Hochberg ndi John Donoghue a ku Brown University, analengeza za mayi wina wa zaka 58 amene sitiroko inamupha ziwalo ndi kumutseka pakamwa kwa zaka pafupifupi 15. Anamuika pa ubongo kachida kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, kokhala ndi timisingano 96. Kompyuta inkamvetsera maselo ochepa amenewo, n'kuwonkhetsa kukankha kwawo, n'kuyendetsa mkono wachitsulo. Mayiyo, pongoganiza kuti akutambasula dzanja, anatenga botolo la khofi patebulo, kulifikitsa pakamwa, n'kumwa yekha. Onyamula anali adakali m'mutu mwake zaka zonsezo, chinaduka chinali njira yofikira kudzanja.

Lero zida zapita patali. Mu 2017 kunatuluka kachida kotchedwa Neuropixels, kopyapyala ngati tsitsi, kokhala ndi malo omvera 960, kamene kamamva maselo mazanamazana nthawi imodzi. Mu 2025 gulu la International Brain Laboratory linafalitsa zimene linamva pa maselo oposa 600,000 a mbewa 139, zimene zinkatembenuza kagudumu posankha kumanja kapena kumanzere. Anapeza kuti zizindikiro za kusankhako, za kusuntha ndi za mphotho sizili pakona imodzi ya ubongo, zamwazikana m'zigawo zambiri.

Tsopano tibwere pa kuphunzira, pamene pagona mtima wanga. Anthu amene sananyamulepo limodzi amavutana. Wina akweza msanga, wina achedwa, denga lipendama, mapaso alira. Akanyamula kachiwiri, kachitatu, china chake chimasintha, ngakhale anthu ndi omwewo ndipo mphamvu zawo sizinawonjezeke. Aliyense wayamba kumva phewa la mnzake wapafupi. Uyu akatsitsa, nayenso amatsitsa asanaganize n'komwe. Chasintha ndi mgwirizano wa pakati pa munthu ndi mnzake.

Mu 1949 Donald Hebb wa ku Canada, m'buku lake The Organization of Behavior, anapereka ganizo lakuti selo likamathandiza mobwerezabwereza kudzutsa linzake, njira ya pakati pawo imalimba, ndipo m'kupita kwa nthawi maselo otere amapanga gulu limene ukangodzutsa ena, onse amadzuka. Pa nthawiyo linali ganizo chabe. Umboni unachokera ku Oslo, ku Norway, kumene Terje Lømo mu 1966, kenako iye ndi Tim Bliss m'lipoti la 1973, anaonetsa pa akalulu kuti ukagwedeza njira ina ya mu hippocampus ndi magetsi othamanga kwa masekondi ochepa, maselo olandira amayankha mwamphamvu kuposa kale kwa maola ambiri pambuyo pake.

Zimachitikira pa kampata kaja. Uthenga ukafika kumapeto kwa chingwe, selo limalavula mankhwala otchedwa glutamate, amene amawoloka kampatako n'kukatsegula timakomo ta selo la tsidya. Pali mtundu wina wa timakomo, totchedwa NMDA, timene sititseguka wamba. Timafuna kuti wotumiza alavule mankhwala pa nthawi yomwe wolandirayo naye ali kale maso. Ziwirizi zikakumana, calcium amalowa, ndipo selo lolandira limawonjezera timakomo tina pamalo pomwepo. Mawa uthenga womwewo ukadzafika udzamveka mokweza. Timipata ta maselo amene sayendera limodzi timafooka. Ndiye pamene mwana wa Sitandade 2 wakhala pansi akuwerenga timiyala kuti 7 kuphatikiza 5 ndi 12, m'mutu mwake mukusintha zinthu zenizeni, zimene munthu akhoza kuziona ndi makina. Ndi ntchito yomanga, ndipo imafuna chakudya ndi nthawi.

Koma kubwereza kokha sikokwanira, pakuti munthu amatha kubwereza cholakwa. Amene ali pansi pa denga saona bwino kutsogolo. Amadalira mfuu ya oonerera, "eya, momwemo!" kapena "mwapotoka!" M'ubongo, mfuu imodzi yotere imachokera ku kagulu kakang'ono ka maselo otulutsa mankhwala a dopamine. Wolfram Schultz, akufufuza pa anyani ku Fribourg, ku Switzerland, anaona izi. Nyani akalandira madzi a zipatso mosayembekezera, maselowa amathetheka kwambiri. Akazolowera kuti kagetsi kakayaka madzi akubwera, amathetheka pa kagetsiko, ndipo madziwo akafika sasinthanso. Madzi akapanda kubwera pa nthawi yake, amatsika kuposa masiku onse. Mu 1997 Schultz pamodzi ndi Peter Dayan ndi Read Montague anafotokoza kuti chimene maselowa amalengeza ndi kusiyana kwa chimene unkayembekeza ndi chimene wapeza, ndipo uthengawo umathandiza kusankha timipata toyenera kulimbitsa. Ine ndimatengapo phunziro ili: mwana amene akungokopera za pabolodi sakuyembekeza kanthu, choncho palibe chomudzidzimutsa. Amene wafunsidwa kuti ayambe wayesa yankho lake, ngakhale alakwe, wapatsa ubongo wake chogwirira.

Ndiye pali tulo. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton, ku Arizona, anamvetsera maselo ambiri a mu hippocampus a makoswe pamene ankasaka chakudya, n'kupitiriza kumvetsera makoswewo atagona. Maselo amene anathetheka limodzi masana anathethekanso limodzi m'tulo. Ofufuza ena pambuyo pake anaona kuti njira yonse imene khoswe anayenda imabwerezedwa mwaliwiro, ndipo ukasokoneza kubwerezaku khosweyo amachedwa kuphunzira. Gulu limayeserera usiku, mwini wake ali m'tulo. Wophunzira wa Fomu 4 amene amachezera ndi tochi mpaka tambala woyamba, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere, akulanda ubongo wake nthawi yomwe ukanamangira zimene wawerengazo.

Kafukufuku amene amandikhudza kwambiri ndi wa ku Pittsburgh, wa Patrick Sadtler, Aaron Batista, Byron Yu ndi anzawo, amene anatuluka mu 2014. Anaika timisingano m'ubongo wa anyani kuti aziyendetsa kadontho pa kompyuta ndi maganizo okha, pogwiritsa ntchito maselo pafupifupi 90. Choyamba chimene anaona n'chakuti maselo 90 amenewa sachita aliyense zake. Ali ndi zizolowezi. Ena amakwera limodzi, ena uyu akakwera uyo amatsika, moti kayendedwe ka gulu lonse kankafotokozeka ndi mayendedwe akuluakulu pafupifupi 10 okha. Kenako ofufuzawo anasintha lamulo lolumikiza maselo ndi kadontho, nyani osadziwa. Anasintha m'njira ziwiri. Njira yoyamba inkafuna zizolowezi zomwe zija, kungoti chimene kale chinkapititsa kadontho kumanja tsopano chizikapititsa kwina. Njira yachiwiri inkafuna kuti maselo amene amayendera limodzi alekane, ndipo amene sayenderana agwirizane.

Pansi pa denga, njira yoyamba ili ngati kuwauza anthu kuti nkhokwe yasamutsidwa, ili kuseri kwa nyumba. Adzadandaula, adzapotoka kamodzi kawiri, koma adzafika, chifukwa kayendedwe kawo n'komwe kaja. Njira yachiwiri ili ngati kuuza awiri amene akhala akuponda mwendo umodzi kuyambira ali anyamata kuti lero uyu akaponda, uyo adikire, ndipo aliyense azimvera phewa la munthu amene ali tsidya lina la denga. Anyani aja anaphunzira njira yoyamba m'maola ochepa a tsiku lomwelo. Yachiwiri inawakanika. Koma nkhani sinathere pamenepo. Mu 2019 Emily Oby ndi gulu lomwelo anaonetsa kuti ukawatsogolera pang'onopang'ono, kwa masiku angapo, anyaniwo amatulutsa kayendedwe katsopano ka maselo kamene kale kunalibe.

Anyani a m'chipinda cha kafukufuku si kalasi ya ana 100, ndipo asayansiwo sankanena za sukulu. Komabe ine ndikuonapo zinthu ziwiri zimene mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi kholo ayenera kuzisinkhasinkha. Mwana amene amakhala m'mbali mwa msewu wa M6 akugulitsa milu ya manachesi kwa apaulendo opita ku Tete, n'kumabweza chenje osalakwitsa, ali kale ndi gulu la maselo lodziwa kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Masamu a m'buku akayambira pa milu imeneyo, tangosamutsa nkhokwe. Akayambira pa zizindikiro zosadziwika, m'chilankhulo chimene mwanayo sachimva, tamupempha ntchito ya mtundu wachiwiri ija popanda chifukwa. Chinanso n'chakuti pali zinthu zimene n'zatsopanodi, monga kuwerenga kumene, zimene sizingaloweke tsiku limodzi ngakhale mwana akhale wochenjera. Mawu akuti "ndiwe wouma mutu" nthawi zambiri amagwera mwana amene onyamula ake ali pakati pa kusinthana malo.

Pali chinanso chimene chinadabwitsa ngakhale akatswiri. Mu 2017 Laura Driscoll ndi Christopher Harvey a ku Harvard anatsatira maselo omwewo a mbewa kwa mwezi wathunthu, mbewazo zikuchita ntchito imene zinaidziwa kale bwino, yosankha kukhotera kumanja kapena kumanzere. Mbewa sizinasinthe kachitidwe. Koma maselo amene ankanyamula ntchitoyo ankasinthasintha. Selo limene sabata ino linkathetheka pokhota, sabata ina linali litasiya kapena litatenga mbali ina, lina n'kulowa m'malo mwake. M'mudzi timazidziwa zimenezi. Amene ananyamula denga chaka chatha, wina ali ku Joni, wina wakwatira kwina, wina msana wamuvuta. Alowa ena. Denga likukwerabe pa nkhokwe, ndipo kanyamulidwe ka mudziwo n'komwe kaja.

Fanizoli lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Onyamula denga amadziwa kumene nkhokwe ili, pamene selo silidziwa kanthu, limangomva kukankha kwa anzake n'kuyankha. Pabwalo pali mwini ntchito woti "tiyeni", koma m'ubongo palibe selo limene lapezeka kuti ndilo mfumu ya onse. Ndipo munthu amanyamula denga limodzi pa nthawi, pamene selo limodzi limalowa m'magulu ambirimbiri, n'kusintha gulu m'kuphethira kwa diso.

Tibwerere kwa munthu wakumbuyo uja, wokokera m'mbuyo pa mtsetse. Mlendo akhoza kumuyesa waulesi, kapena wosokoneza. Koma atasiya, onse akhoza kuthamangira kumodzi n'kukagwa nalo dengalo. Mu khungu la pamwamba la ubongo, pafupifupi selo limodzi mwa asanu alionse ntchito yake ndi yoletsa, pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa GABA. Oletsawa ndiwo amachititsa kuti gulu lina lilankhule pamene ena ali chete. Akafooka, kapena okankha akapyola muyeso, maselo ambirimbiri amayamba kuthetheka onse pamodzi, nthawi imodzi, mobwerezabwereza. Chimenecho ndicho khunyu, matenda akugwa. Si mizimu, sapatsirana ndi malovu kapena kukhudzana, ndipo munthu akagwa pafupi ndi moto woyenera kumuchotsapo msanga ndi iwe amene uli pafupi. Umugoneke chammbali, usamuike supuni kapena chala m'kamwa. Mankhwala monga phenobarbital, carbamazepine ndi sodium valproate amabweza mgwirizano wa okankha ndi oletsa, ndipo bungwe la WHO limati anthu ofika 70 mwa 100 alionse akhoza kukhala osagwa atalandira chithandizo choyenera.

Apa ndi pamene Malawi walowa m'mbiri ya sayansi ya ubongo, ndipo walowa kudzera mwa ana athu odwala. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Mwanza kudzera pa Zalewa, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba m'ma 1980 kufufuza malungo a mu ubongo, aja amene mwana amakomoka osadzuka. Mu 1989 anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wamng'ono amene sanayambe kulankhula, yopereka manambala kuyambira 0 mpaka 5 poona maso, kulira ndi kuyankha kwa thupi. Imatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. M'wodi yawo ya kafukufuku amamata timawaya pamutu pa mwana n'kulemba mafunde a magetsi ndi makina a EEG. Makinawa samva selo limodzi, amamva mdidi wa khamu lonse kudzera m'chigaza, ndipo aonetsa kuti ana ena amene akuoneka kuti angogona phee, m'kati mwawo maselo akuthetheka onse pamodzi ngati munthu wakugwa. Makina a MRI atafika mu 2008, Karl Seydel ndi anzake anajambula ana 168, ndipo mu 2015 analengeza kuti mwa ana amene anamwalira, 84 peresenti anali ndi ubongo wotupa kwambiri, poyerekeza ndi 27 peresenti mwa amene anapulumuka. Ubongo ukatupa umapanikiza malo olamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma.

Koma kudzuka si kutha kwa nkhani. Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana amene anapulumuka malungo amenewa ku Blantyre, ndipo mu 2010 anafalitsa kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto: ena khunyu limene linayamba patapita miyezi, ena kulumala kapena kuchedwa kulankhula, ena khalidwe losakhazikika. Ana otere alipo m'midzi mwathu. Mwana uja anagonekedwa masiku angapo osadziwa kanthu, anabwera kunyumba, tinathokoza Mulungu. Patha chaka, kusukulu akuti samva, kunyumba akuti wayamba mwano, amangomenya anzake. Ochepa ndi amene amakumbukira malungo aja.

Mwana ameneyu ena mwa onyamula ake anavulala, ndipo otsalawo akuyesa kugawana katundu mwatsopano. Kuti zimenezi zimatheka, umboni ulipo. Mu 1996 Randolph Nudo ndi anzake anaonetsa pa anyani amene kachigawo ka ubongo koyendetsa dzanja kanawonongeka kuti akasiyidwa osagwiritsa ntchito dzanjalo, ngakhale maselo abwinobwino oyandikana ndi bala amasiya kulitumikira. Akamaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kutola tizakudya ting'onoting'ono ndi zala, maselowo amasunga ntchitoyo, ndipo dzanja limabwerera. N'chifukwa chake madokotala a mafupa ndi ziwalo amaumiriza agogo amene anagwidwa sitiroko kuti azigwira kapu ndi dzanja lofookalo, azitola nyemba m'lichero, ngakhale zikuwawa ndipo zikuchedwa. Ubongo wa mwana ndiye umasinthika koposa wa munthu wamkulu.

Choncho mwana akatuluka m'chipatala atadwala malungo okomola, makolo asunge bwino buku lake lakuchipatala, ndipo mphunzitsi wake auzidwe zimene zinachitika. Akayamba kuyang'ana pamodzi kwa masekondi angapo osayankha, akamagwedezeka dzanja kapena milomo m'tulo, akasiya mawu amene ankawadziwa, abwerere naye kuchipatala ndipo anene za malungo aja, ngakhale patapita chaka. Kunyumba azilankhula naye kwambiri, azimutuma tintchito timene angathe n'kumawonjezera pang'onopang'ono, azigona mokwanira m'neti, ndipo thupi likangotentha apite naye kukayezetsa tsiku lomwelo.